Wotsuka Mwala wa Abati

Bertha Catlow ananyamuka mumzinda ndi sitima yomaliza, ngakhale kuti zimene anapitira zinali zitatha kale m'mawa. Mwana wake Wilf anamunyonga kunja kusanayere bwino. Bertha anali panja pa chipata cha ndende pakati pa anthu obwera kudzaonerera, ndipo sanafunse munthu. Anangoona msilikali wa ndende akusuzumira pakachitseko n'kuuza mnzake kuti, "Zatha." Anali patali ndithu, koma Bertha anawerenga mawuwo pamilomo.

Ife a ku Ellerbrigg amene tinakulira m'fakitale yowomba nsalu timatero tonse. Makina akayamba kulira simumvana ngakhale mutagundana mapewa, choncho timacheza ndi milomo yokha, miseche n'kumayenda kuchoka uku kukafika uko popanda liwu ndi limodzi lomwe. Ukakalamba nazo makutu amafooka, ndipo sudziwanso ngati mawu wawamva kapena wangowaona. Bertha analowa m'fakitale ali kamtsikana, tsopano imvi zinali mbuu.

Wilf anapha munthu, zimenezi sitikana. Anamenya mnzake ndi botolo pakhomo la nyumba ya mowa atakangana za mtsikana, mtsikanayo n'kudzakwatiwa ndi wogulitsa nyama chaka chisanathe. Pamene Bertha anakamuona komaliza, asilikali anakhala pambali pawo, ndipo mnyamatayo sanafune kuti amve. Anayendetsa milomo monga ankachitira kuntchito.

"Amayi, mudzanditengere kwathu. Mukandiike pafupi ndi bambo."

"Ndidzakutenga," anatero Bertha, nayenso mopanda mawu.

Onse awiri lamulo ankalidziwa. Munthu wonyongedwa satuluka m'mpanda wa ndende. Amamukwirira momwemo, kumuthira laimu kuti thupi lithe msanga, popanda mwala kapena dzina. Chimene anamupatsa Bertha pakachitseko kaja ndi phukusi la pepala lomanga ndi chingwe. M'katimo munali nsapato za Wilf, zija za matabwa zokhoma zitsulo kunsi zimene timavala tonse popita kuntchito.

Anakakhala nalo pabenchi la pasiteshoni tsiku lonse. Sitima zopita kwathu zinkabwera n'kupita, iye akungoziyang'ana. Njala sanaimve, kuzizira sanakumve. Ankadikira kuti kulira kubwere, koma sikunabwere. Nyali za pasiteshoni zitayatsidwa, wonyamula katundu wina wa ndevu zofiira anaima pamaso pake.

"Mayi, benchili mwakwatiwa nalo kapena? Iyi ndi yomaliza. Mukaisiya mugona ndi makoswe, ndipo makoswe a pano alibe ulemu."

Bertha anaimirira n'kukwera. M'sitimamo munali atsikana awiri a fakitale ina, atakhala moyang'anana naye. Mmodzi anagwedeza mnzake ndi chigongono n'kuyendetsa milomo kuti, "Ndi mayi wake wa uja." Mnzakeyo anayankha kuti, "Taonani, maso gwa, ngakhale kamsozi." Atsikanawo anaiwala kuti mayiyo nayenso ndi wowomba nsalu. Bertha anawerenga zonse ndipo sizinamupweteke. Anangoona kuti akunena zoona.

Sitima ya usiku siifika ku Ellerbrigg, imathera patauni yapamphambano. Basi inali itapita kalekale. Bertha anakoka chofunda chake cha m'mapewa, kukumbatira phukusi, n'kuuyamba wapansi.

Kunali chisanu cha mu Januwale, chija chimene chimaumitsa matope kukhala mwala. Mwezi unalipo wokwanira kuonera njira. Anadutsa fakitale ili zii, nyumba za mdadada makatani onse otseka, kenaka minda. Nkhosa zinali zitaunjikana kuseri kwa mipanda ya miyala. Zala zake zinauma pachingwe cha phukusi, iye osasintha dzanja. Anawoloka mlatho wakale n'kufika pamabwinja a nyumba ya amonke, pachipata chachikulu chimene chinatsala chilili. Ana a kwathu amadutsa pamenepo akuthamanga, chifukwa mpamene mfumu ya kale inanyongera Abati, mkulu wa amonkewo, atakana kupereka nyumbayo. Ngakhale amuna akuluakulu pochokera kumowa amayamba kuimba mluzu akafika pamenepo. Bertha anadutsa mwa masiku onse. Mantha analibe, panalibe pamene akanakhala.

Kunyumba sanapite. Anakhota n'kulowa kumanda a patchalitchi.

Anali atapemphako kale. Sabata yathayo anapita kwa abusa kukafunsa ngati angaimbitse belu la maliro ndi kulemba dzina la Wilf pamwala wa bambo ake. Abusa anamupatsa tiyi, anamugwira dzanja, n'kumuuza kuti banja la wophedwayo limapempheranso momwemo ndipo sizingatheke. Enoch Dewhurst, amene amasamala tchalitchi ndi kukumba manda, anali pomwepo akukonza moto. Sanatukule nkhope.

Tsono Bertha anagwada pamanda a mwamuna wake Seth, kuika phukusi pambali, n'kuyamba kukumba ndi manja. Ngati thupi analikaniza, nsapato zokha zikanagona pafupi ndi bambo. Nthaka inakana. Anatola mwala n'kugogoda, koma panangotuluka tizidutswa ta ayezi. Chikhadabo chinathyoka, magazi n'kutuluka, iye anangochiyang'ana ngati cha munthu wina. Anakumbabe mpaka mikono inaleka yokha. Dzenje lake silikanakwana ngakhale dzira.

Atatukula mutu anaona kuwala pazenera la tchalitchi.

Kanali kuwala kochepa, kotsika, ngati kandulo yoikidwa pansi. Bertha anaganiza kuti ndi Enoch. Anaganiza zokamupempha fosholo ndi piki, akakana akane. Ananyamula phukusi n'kuzungulira kukhonde. Chitseko chachikulu chija chinali chotseguka pang'ono, malo ongokwana munthu mmodzi.

M'katimo munkazizira kuposa panja. Kandulo inali mbali ya kumpoto, pafupi ndi mwala wa Abati.

Mwalawu aliyense wa kwathu amaudziwa. Ndi wautali, uli pansi pakati pa mabenchi ndi khoma, ndipo anazokotapo mtanda ndi chikho, dzina palibe. Akuluakulu amati pansi pake pagona Abati wonyongedwa uja. Ena amati n'zabodza, ndi wa wansembe wamba amene palibe akumukumbuka. Timakangana za izi kumowa, koma Lamulungu aliyense amaulambalala, ndipo mkwatibwi akauponda apongozi ake samuiwalira. Pakati pake ndi polowa ngati mbale, ndipo timati ndi maondo a anthu opemphera amene anaudya.

Pamwalapo panagwada mzimayi. Sanali Enoch, komanso sanali wa m'mudzi mwathu. Anavala diresi lalitali laubweya wokhakhala, kumutu atakulunga nsalu yoyera mpaka kuchibwano. Pambali pake panali ndowa yamtengo. Ankatsuka mwalawo ndi bulashi, kupita kutsogolo, kubwerera, kupita, kubwerera, monga mayi atsukira khomo la nyumba yake Lachisanu. Bertha anangoti ndi wa kumafamu a kuphiri, kumene anthu amavalabe za agogo awo.

Mzimayiyo anatukula nkhope, kandulo n'kumuwalira pakamwa. Anayang'ana phukusi lija.

"Mwabwera nazo," anatero.

"Chiyani?"

"Nsapato. Amangopereka nsapato."

Bertha anakhala kumapeto kwa benchi, pakuti miyendo inali itatopa. Tsiku lonse palibe amene anamulankhula ngati munthu wodziwa.

"Wanu ndi ndani, mayi?"

"Mlongo wanga. Ndinakapempha thupi, anandiseka. Mmodzi anandiponyera nsapato kumaso."

"Wanga ndi mwana. Lero m'mawa."

"Ndaona manja anu."

"Wanuyo anamunyonga liti?"

"Dzulo."

Bertha anagwedeza mutu. Ndende ndi zambiri m'dziko muno, ndipo wonyonga amayenda ndi sitima ngati wina aliyense. Anaonerera bulashi ikupita n'kubwerera. Zala za mzimayiyo zinali zoonda, zoyera, zopindika pamtengo wa bulashiyo ngati zinamerera pomwepo.

"Mwalira?" anafunsa Bertha.

"Ayi. Ndikatha kutsuka."

"Koma mwalawu uli ndi mwini wake. Ndi wa Abati. Enoch akakupezani akuthamangitsani."

Mzimayiyo anaima, n'kuyala chikhatho chake pamtanda wozokotawo.

"Pansi apa mulibe munthu."

"Mukuti bwanji?"

"Mulibe munthu. Muli nsapato zokha."

"Mwadziwa bwanji zimenezo?"

"Ndinaziikamo ndine."

Bertha anamuyang'ana. Mawuwo anawalandira, koma tanthauzo lake linkachedwa kufika, ngati munthu amene akuyenda m'matope.

"Anthu akaona mwala amati pali munthu," anapitiriza mzimayiyo. "Amavula zipewa. Amayenda cha m'mbali. N'zokhazo zimene ndinkafuna." Anasuntha maondo pang'ono n'kuloza mbali ya kukhoma. "Malo alipo, mayi. Mbali iyi. Sadzakana, anali munthu wofatsa."

Mpamene chingwe cha phukusi chinapulumuka m'zala zouma zija. Pepala linatseguka, nsapato n'kugwera pamiyala ya pansi.

Kho! Kho!

Phokosolo linakwera mpaka kudenga n'kubwerera. Nkhunda ina inawuluka m'nsanja, mapiko phaphapha. Bertha anamva zonsezo. Anazimva bwinobwino, ndi makutu ake okalambawo. Anamva nsapato imodzi ikugubuduka mpaka kugunda benchi. Anamva wotchi ya m'nsanja ikugunda pamwamba. Anamva kupuma kwake.

Bulashi inkapita n'kubwerera pamwala.

Siinkamveka.

Bertha anatsinzina. Wotchi... mphepo pachitseko... mtima wake. Palibenso china. Anatsegula maso. Milomo ya mzimayiyo inkayenda: "...mbali iyi, mayi, musaope..." Anatsinzinanso. Zii!

Anatsegula.

Mpweya wake wa iye mwini unkatuluka ngati utsi m'chisanumo. Pakamwa pa mzimayiyo sipankatuluka kanthu. Lawi la kandulo linali pafupi ndi milomo yake, koma linangoti njo, losagwedezeka. Bulashi inalowa m'ndowa, inatuluka... madzi osadontha. Ndipo pamene inkadutsa, kupita ndi kubwerera, mpomwe paja polowa ngati mbale.

Si maondo amene anadya mwalawo!

Tsitsi linamuimirira. Mzimayiyo anayamba kunena china, kenaka anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo mawu anaduka pakati, pakuti milomo sinkaonekanso.

"Mayo!" Bertha anakuwa. Kanali koyamba tsiku limenelo kutulutsa liwu lalikulu.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu, nyali n'kulowa ikugwedezeka.

"Ndani ali muno? Ngati ndiwe mwana wa bambo Pickup wabweranso kudzamwa vinyo wa mgonero, lero ndikuthyola miyendo yonse iwiri, amako akakunyamule pawilibala!"

Anali Enoch Dewhurst, jekete atavala pamwamba pa malaya ogonera, dzanja lina atagwira chitsulo chokolezera moto. Anakweza nyali n'kuima.

"Mayi Catlow..."

Bertha analoza pamwala. Panalibe munthu, panalibe ndowa, panalibe kandulo. Mwalawo unali wouma, fumbi lili m'mizere ya mtanda.

Enoch anayang'ana mwala, anayang'ana nsapato zili pansi, kenaka manja a Bertha a dothi ndi magazi. Anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Chitseko chija ndinakhoma ndekha madzulo," anatero. "Kiyi ndi uyu m'thumba. Mwamuona eti?"

"Mukumudziwa?"

"Kumudziwa ayi. Kumuona ndamuona, bambo anga anamuona, agogo anga chimodzimodzi. Amabwera chisanu chikalimba. Amakuyang'ana, pakamwa n'kumangoyenda ngati nsomba, mawu osatuluka. Ine ndimangoti pepani mayi, n'kutseka chitseko, n'kukamwa kena kotentha."

"Amalankhula, a Enoch."

"Amalankhula chiyani? Palibe chimene chimamveka."

"Sindinati chimamveka."

Enoch anamuyang'ana pamilomo. A kubanja la Dewhurst ndi anthu a fosholo kuyambira kale, palibe mmodzi wa iwo amene anapondako m'fakitale. Ndipo owomba nsalu usiku amagona, chifukwa belu la ntchito limawadzutsa kudakali mdima.

"Ambuye ndichitireni chifundo," anatero motsitsa. "Ndiye amati chiyani?"

"Akuti pansi apa mulibe munthu. Muli nsapato za mlongo wake. Anaziikamo yekha."

Enoch anatsitsa nyali. Anaiika pansi, iye n'kukhala pabenchi ngati wina wamukankha.

"Zimenezo wakuuzani ndani?"

"Ndakuuzani kale."

"Ayi, mayi Catlow, tamverani. Pamene tinkaika mapaipi otenthetsa muno, tinautukula mwalawu, ine ndi abusa akale aja, Mulungu awasunge. Tinali awiri basi, usiku, chitseko chokhoma. Fupa panalibe, ngakhale dzino. Tinangopeza tizikopa tiwiri takuda, topindika, tokhala ndi malamba. Abusa anati Enoch, alendo amabwera kuchokera kutali kudzaona mwalawu, ukatsegula pakamwa ndikakukwirira ndekha. Mkazi wanga anamwalira osadziwa, ndipo mkazi wanga uja mukumudziwa, ankadziwa ndi zimene sizinachitike zomwe."

Bertha anawerama n'kutola nsapato imodzi, kenaka inzake. Zitsulo za kunsi zinali zitadyeka mbali ya kunja, chifukwa Wilf ankayenda chotambalala kuyambira ali mwana.

"Akutinso malo alipo," anatero. "Mbali ya kukhoma."

Enoch anapukuta nkhope ndi chipewa. Anayang'ana kuchitseko, anayang'ana kuguwa. Kenaka anaimirira n'kutuluka. Bertha anaganiza kuti wapita kukadzutsa abusa, ndipo anangokhala, nsapato zili pamiyendo. Koma Enoch anabwerera ndi chitsulo chake chachitali chozulira miyala ndi zidutswa za matabwa.

"Abusa akamva?" anafunsa Bertha.

"Abusa akagona mutha kuwabera ndi bedi lomwe. Gwirani nyaliyi. Belu lija ndinalephera, mayi Catlow, belu limamveka mudzi wonse. Koma ichi n'cha fosholo, ndipo za fosholo muno amalamula ndine."

Analowetsa chitsulo pamphako ya mbali ya kukhoma n'kutsamira. Mwalawo unalira, unakana, kenaka unasuntha. Analowetsa thabwa, anatsamiranso, analowetsa lina, akupuma mwa befu ndi kutukwana pang'onopang'ono msana wake. Mpata unatseguka wongokwana mkono. Munatuluka fungo la dothi louma.

Bertha anagona chammimba pamiyala yozizirayo n'kusendeza nyali. Anaziona. Tizikopa tiwiri takuda, toikidwa bwinobwino moyandikana, zala kuloza kuguwa. Pambali pake panali malo.

Analowetsa nsapato ya kumanzere, kenaka ya kumanja, n'kuzilozetsa komweko. Anasiya dzanja lake pa izo kanthawi. Enoch anayang'ana kumbali, koma ngakhale akanayang'ana sakanamva kanthu, pakuti Bertha anangoyendetsa milomo.

"Wafika, Wilf. Bambo ako ali kuseri kwa khomali."

Enoch anachotsa matabwa limodzilimodzi, mwala n'kubwerera pamalo pake. Anasesera fumbi m'mphako ndi phazi mpaka panaoneka ngati sipanakhudzidwe. Bertha anakhala tsonga n'kudikira. Anaganiza kuti tsopano kulira kubwera, poti lonjezo lakwaniritsidwa monga linakanatha kukwaniritsidwira. Anadikira ndithu. M'maso munali mouma, pachifuwa panali pomwe paja, polemera ndi pozizira.

"Ananenanso china?" anafunsa Enoch akupukuta chitsulo chake.

"Ndinamufunsa ngati walira. Anati akatha kutsuka."

"Hmm."

"Ndinamufunsanso kuti mlongo wakeyo anamunyonga liti."

"Abatiyo? Zaka zikuyandikira mazana anayi, mayi Catlow. Pachipata cha kumabwinja paja. Mzimayiyu, ngati ndi mlongo wake uja, naye anamwalira nthawi yomweyo ya mafumu akale, amati anamuika cha kukhonde uko, koma mwala wake unafufutika agogo a agogo anga asanabadwe."

"Iye anati dzulo."

Enoch anapukusa mutu mwachisoni.

"Ndiye mutu unamusokonekera, wosaukayo."

Bertha anatola pepala la phukusi lija, lopanda kanthu tsopano, n'kuyamba kulipinda bwinobwino pabondo pake.

"Ayi, a Enoch," anatero. "Sanalakwitse."